Maliro a Mbande ku Tidikirekaye

Kuseri kwa mapiri amene simunawakwerepo, ndipo musavutike kuwakwera, kuli ufumu wotchedwa Tidikirekaye. Likulu lake ndi Alim'njira. Ndi dziko limene ngakhale mvula inatengera khalidwe la akuluakulu ake. Imabwera mochedwa ngati mlendo wolemekezeka, ikafika n'kukokolola milatho, kenaka n'kuchoka osatsanzika chimanga chikadali m'mawondo.

Mfumu ya dzikolo, Sindinamve Wachitatu, nkhani ya kusintha kwa nyengo inaimva ndithu, poti chaka chimenecho mphepo inasasula denga la nyumba yachifumu mfumuyo ili m'bafa. Ku Tidikirekaye zoterezi zikagwera munthu wamba amati ndi tsoka lake, koma zikagwera mfumu amati pakufunika ndondomeko.

Vuto linali lakuti nyengo inali ndi eni ake awiri. Dzuwa, moto ndi magetsi zinali m'manja mwa nduna yotchedwa Olemekezeka a Chipsera, bambo wa mimba yotsogola ndi mawu a besi. Mvula, mitsinje ndi zitsime zinali za nduna ina, Olemekezeka Mayi Mvumbi, amene akayamba kulankhula sankakata msanga. Magetsi a ufumuwo ankachokera mumtsinje, ndiye akazima a Chipsera ankati madzi achepa, kafunseni mayiwo. Mayi Mvumbi nawo ankati madzi awo sanawalembe ntchito yoyatsa mababu. Mtengo ukaima unali wa Mayi Mvumbi poti umaitana mvula. Ukagwa unali wa a Chipsera poti wasanduka nkhuni. Mtengo wopendekeka unalibe mwini, ndipo unkapendekeka choncho mpaka utagwera munthu.

Mfumu inaitanitsa bwalo, n'kukhala pansi pa lona amene anamangidwa mwachangu pamwamba pa mpando wake.

"Anthu anga," inatero mfumu, "atambala awiri salira m'khola limodzi, koma awiri awa alira, afune asafune. Bweretsani sizasi."

Muyenera kudziwa kuti ku Tidikirekaye chinthu chilichonse cha boma, kaya ndi mlatho, kaya chimbudzi cha pamsika, sichiyamba ntchito mpaka riboni yake itadulidwa ndi sizasi yachifumu. Wogwiritsa ntchito chinthu chosatsegulira amazengedwa mlandu wofuna kulanda boma. Sizasiyo inabwera pa mtsamiro wofiira. Mfumu inazula kamsomali kapakati, sizasi n'kugawika pawiri. Theka lina inapatsa a Chipsera, lina Mayi Mvumbi. Kamsomali inapatsa mkulu wina wowonda, a Zungulireni, amene inawasankha pomwepo kukhala Mkhalapakati Wamkulu wa Zanyengo ndi Zamagetsi.

"Kuyambira lero palibe ntchito ya madzi, dzuwa kapena magetsi imene idzatsegulidwe atatu inu musanakumane pamalopo," inatero mfumu. "Kugwirira ntchito limodzi ndi kumeneko."

Bwalo lonse linawomba m'manja, ndipo wailesi ya mfumu inalengeza kuti nyengo yagonja. Nduna ziwirizo zinaboola matheka awo n'kuwavala m'khosi ndi zingwe. A Zungulireni anaika kamsomali kawo m'kabokosi ka machesi n'kukasunga m'thumba la pachifuwa.

Kanthu kamodzi kokha mfumu inaiwala, kamene ngakhale mwana woyamwa wa m'dzikomo amakadziwa. Ku Tidikirekaye ukulu wa munthu amauyezera pa kuchedwa. Wofika koyamba pamwambo ndi woyala mipando. Wofika pakati ndi mlendo wamba. Wofika pomaliza, anthu atapsa ndi dzuwa mpaka kuiwala chimene anabwerera, ameneyo ndiye bwana. Ndiye tandiuzani inu, mwa atatuwa ndani akanalola kufika anzake asanafike?

Tisiye kubwalo, titsikire ku msika wa Tatopanazo, kumene malamulo amafika atavala nsapato za asilikali.

Pamsikawo panali mayi wamasiye, Felesiya Nangozo, amene aliyense ankangomutchula kuti anaNgozo. Ana ake ankadya za makala, poti kuyambira pomwe mwamuna wake anamwalira, ntchito yake inali yowotcha ndi kugulitsa makala. Ndondomeko yatsopano itafika, makala analetsedwa, ndipo wopezeka ndi thumba ankakagona kundende. AnaNgozo sanalimbane nazo kwambiri. Phiri la kuseri kwa msika linali litameta mpala iye akuona, ndipo ankadziwa kuti nkhwangwa yake inametako nawo. Komanso boma linalonjeza kuti onse osiya makala liwaikira pampu ya sola kudambo, azilima madimba chaka chonse.

Mayiyu anang'amba masaka ake a makala n'kupanga mthunzi wa nazale. Anafesa tomato. Mbande zinamera zobiriwira bwino, ndipo m'mawa uliwonse ankazithirira ndi madzi a pachitsime chakale cha kudamboko, chotunga ndi ndowa ya chingwe.

Pampu inabwera ndithu, osanama. Amisiri anaimika masola onyezimira pamwamba pa mizati, n'kumanga thanki. Pofuna malo abwino oikapo pampuyo, anasankha pachitsime chomwecho, n'kuchitseka pakamwa ndi simenti. Atatha anamanga riboni yofiira kuzungulira poyatsira, n'kusiya msilikali woilondera, Kopolo Thengolawo, amene anakwatira mng'ono wawo wa anaNgozo. Choncho anthu amene dzulo lake anali ndi chitsime, tsopano anali ndi chitukuko. Mtsinje wapafupi unali utauma kale, poti inali nyengo ya chilimwe chenicheni.

Mbande zija ndizo zinali chuma chonse cha anaNgozo. Zikanafa, panalibe kwina kolowera koma ku makala, kumene tsopano kunali kudikira ndende.

Tsiku lotsegulira pampu, mipando inayalidwa, amayi anavina mpaka zitenje kumasuka, kwaya ya mpingo inaimba nyimbo zonse zimene inkadziwa n'kuyambiranso. Sikunafike munthu. Mawa lake zinali chimodzimodzi. Litafika tsiku lina lotsatira, ovina anayamba kuvina atakhala pansi, ndipo m'pamene anatulukira a Lufeyo, bambo wakabaza, thukuta lili kamukamu.

"Akuluakulu aja anabwera kalekale," anatero a Lufeyo akuimika njinga. "Kungoti sanafike."

"Mukutanthauza chiyani, a Lufeyo?" anafunsa anaNgozo.

"A Chipsera ali kuseri kwa chulu chachikulu chija kum'mawaku, mdipiti wonse wa galimoto, akukazingitsa mtedza. Mayi Mvumbi ali pansi pa mtengo wa mango kumadzuloku, akulukitsa tsitsi. A Zungulireni ali patali pang'ono, kuseri kwa mlambe, akungosuzumira. Aliyense akundituma kuti ndikaone ngati anzake afika. Kunena zoona, mayi, boma lonseli panopa likulumikizidwa ndi njinga yangayi, ndipo tayala lakumbuyo latha."

Anthu anaseka, koma anaNgozo sanaseke. Anapita kwa msilikali uja.

"Alamu, ingotembenukani muyang'ane phiri kanthawi kochepa. Ndingodzaza ndowa basi."

"Alamu, musandiyese choncho," anatero Kopolo Thengolawo akuyang'ana pansi. "Mukufuna ana a mng'ono wanu azidzandionera pawaya wa kundende? Ineyo madzi akumwa ndikuchita kubwera nawo kuchokera kunyumba, chonsecho ndikulondera chitsime."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. AnaNgozo anamanga chitenje, n'kukwera kabaza wa a Lufeyo kulowera ku chulu.

Anapeza a Chipsera atakhala pa mpando wopinda, wina atawagwirira ambulera. Anagwada patali ndithu monga mwa ulemu.

"Bwana, ndabwera ndi dandaulo. Mbande zanga zikufa."

"Mayi, unduna wanga ndi wokonzeka kuyambira kalekale," anatero a Chipsera akupukusa mtedza. "Dzuwa silo, latuluka pa nthawi yake. Kodi mayi aja afika?"

"Sanafike, bwana."

"Mwaona? Ndiye mukandidandaulira ine bwanji?"

"Dzuwa lanulo ndi limene likuzipha, bwana."

"Ndiye kuti likugwira ntchito. Mukanene zomwezo pawailesi."

Kwa Mayi Mvumbi analandiridwa bwino kwambiri. Nduna inamugwira dzanja, mutu utapendekera kwa woluka tsitsi.

"Mayi mnzanga, zimene mukunenazi zikundilasa mtima. Inenso kwathu tinkalima tomato. Koma taganizani, ndikafika koyamba ine, mawa bambo ameneyu adzati amayi a dziko lino ndi oyala mipando. Ndikuchedwa chifukwa cha inu. Tsiku lina mudzandithokoza."

"Mbande sizidziwa zimenezo, mayi."

"Muziwuze zilimbe mtima. Tonse tikudzimana."

A Zungulireni okha ndiwo anaoneka achisoni. Anatulutsa kabokosi ka machesi kaja n'kukagwedeza pafupi ndi khutu la anaNgozo kuti amve kuti kamsomali kalimo.

"Ine ntchito yanga ndi kuwakumanitsa, mayi. Ndiye ndingafike bwanji iwo asanakumane? Ndikakumanitsa ndani? Koma musadandaule, nkhaniyi ndaitumiza kale kwa mfumu."

Anaitumizadi, ndipo mfumu inapsa mtima. Inalamula kuti atatuwo abwere kubwalo adzafotokoze. Anapita onse, aliyense n'kuima pa ngodya yakeyake kunja kwa mpanda kudikira kuti anzake alowe. Mfumu nayo, pokhala wamkulu wa onse, inaima kuseri kwa katani kudikira kuti alowe onse atatu. Dzuwa litapendeka aliyense anabwerera komwe anachokera, ndipo wailesi inati zokambirana zayenda bwino, panalibe kusagwirizana kulikonse.

Masiku amenewo anaNgozo ankayenda m'malo ophikira zakudya a pamsika kupempha madzi otsukira mbale. Ankawasefa ndi kansalu n'kumadonthezera mbande ndi chikho. Sanali kukwana. M'mawa wina anapeza mzere wonse wa kum'mawa utagona pansi, timasamba titauma gwaa, ndipo mizere yotsalayo inali itazyolika. Anakhala pansi pambali pa nazale. Chisoni chimene anamva chinali chenicheni, chofanana ndi chimene anamva mwamuna wake atatsikira kuli chete. Ndipo poganiza za tsiku limenelo, anakumbukira chinthu china chimene nthawi imeneyo chinamunyansa kwambiri: mabokosi awiri a maliro atapanikizana pakhomo la nyumba yake, anyamata a nduna ziwiri akukankhana kuti lilowe la bwana wawo.

Pajatu mwambo wochedwa uja uli ndi malo amodzi pomwe umatembenuka. Pamaliro, nduna yofika koyamba ndiyo bokosi lake limagwira ntchito, ndipo ndiyo wailesi imaitchula kuti yokonda anthu. N'chifukwa chake mdipiti uliwonse wa nduna ku Tidikirekaye umayenda ndi lole ya mabokosi kumbuyo. Munthu wa m'dzikomo akafuna kuona boma likuthamanga, amayenera kufa kaye.

AnaNgozo anazula mbande zakufazo mosamala, n'kuziyala m'lichero, n'kuphimba ndi nsalu yoyera. Anasenza licherolo kupita nalo pamsika n'kuuza amayi anzake zimene waganiza.

"Koma anaNgozo, si kudziitanira minyama kumeneku?" anafunsa mayi wina wogulitsa mandasi. "Maliro saseweretsa."

"Ndani akusewera? Tavundukulani muone ngati zikupuma. Ndinazilera ndekha izi, ndimafuna zilere ana anga. Ine ndilira, amene akufuna kundiperekeza andiperekeze."

Amayiwo anavomera, poti ambiri mwa iwo anali ndi nazale zawo kudambo komweko. Anathyola masamba n'kuwayala pamsewu mbali zonse ziwiri, monga tichitira posonyeza kuti pamudzi pagwa zovuta. Lichero analiika pa mkeka pansi pa masola, pafupi ndi riboni, poti mthunzi unali pokhapo. Kopolo Thengolawo anaganizaganiza, n'kupeza kuti palibe lamulo loletsa kulira pafupi ndi katundu wa boma, ndipo anavula chipewa. Kwaya inayamba nyimbo yapansipansi. Amayi atayamba kubuma, panalibe amene ankachita kudzikakamiza.

A Lufeyo anapalasa njinga kupita ku chulu, kenaka ku mtengo wa mango. Uthenga unali waufupi: ku Tatopanazo kwagwa zovuta, ndipo bokosi silinapezeke. Palibe nduna imene inafunsa kuti watisiya ndani. Funso la a Chipsera linali lakuti mayi aja amva kale kapena ayi, ndipo Mayi Mvumbi ananyamuka tsitsi litalukidwa mbali imodzi.

Fumbi linabuka kum'mawa, lina kumadzulo. Nkhuku za pamsika zinaona zakuda tsiku limenelo. Galimoto ziwiri zakutsogolo zinafika pa pampu nthawi imodzi mpaka kugundana mphuno, ndipo mabokosi awiri anatsitsidwa mothamanga n'kuikidwa uku ndi uku kwa lichero. Pambuyo pake, mwapang'onopang'ono, inafika galimoto ya a Zungulireni. Mkuluyu anatsika akumwetulira ngakhale panali pamaliro, poti chilandirireni udindo aka kanali koyamba kufika pamalo. Mtolankhani wa wailesi ya mfumu naye anali atafika, n'kuimika maikolofoni yake kuti dziko lonse limve.

A Chipsera anayamba kulankhula asanapume n'komwe.

"Anamfedwa, mafumu, ndi nonse mwasonkhana pano, manja anga ali m'khosi. Malemuwa ndinkawadziwa bwino. Posachedwa pompa tinali limodzi, ndipo anandiuza kuti, a Chipsera, dzuwa lanuli latisintha miyoyo."

"Pamenepo sananame," anatero a Lufeyo chapansipansi.

Mayi Mvumbi analanda maikolofoni akupukuta m'maso ndi mpango.

"Malemu anali mzati wa chitukuko m'dera lino. Anali odekha, osadziwa kukangana ndi munthu. Moyo wawo wonse sanapemphe zambiri kuboma."

"Madzi okha, mayi," anatero anaNgozo ali pa mkeka.

"Madzi okha," inabwereza nduna, poganiza kuti ndi mawu a nyimbo.

Itafika nthawi yoona nkhope, nduna ziwirizo zinapanikizana mapewa kuti ziyambe ndizo. Kukula kwa lichero sikunawadabwitse, mwina ankayesa kuti malemu anali munthu wodzichepetsa. Kopolo Thengolawo anawerama n'kuvundukula nsalu. Akuluakulu aja anayang'ana timitengo touma tija, n'kuyang'anana, n'kuyang'ananso timitengo. Pamalopo panangoti zii, mwakuti anthu omvera wailesi kumidzi anayamba kumenya mawailesi awo poganiza kuti afa. Khosi la a Chipsera linayamba kufufuma, ndipo aliyense anaona kuti mawu amene akubwera ndi a ndende.

Apa a Zungulireni anagwira ntchito imene anawalembera. Anadumphira pa maikolofoni.

"Omvera athu, monga mwamvera, uwu ndi mwambo wa dziko lonse wolira mbewu zimene zaphedwa ndi kusintha kwa nyengo. Ofesi yanga inaukonza mogwirizana ndi maunduna onse awiri, ndipo nduna zathu zafika limodzi posonyeza umodzi."

Khosi la a Chipsera linaphwa. Anati ganizoli linachokera ku unduna wawo. Mayi Mvumbi anati lichero linali la unduna wawo.

AnaNgozo anayenda chogwada mpaka pamaso pawo, n'kuyandikira maikolofoni mwadala.

"Mabwana, zikomo potiliritsa. Koma malemuwa asiya abale awo ku nazale uko, ali kayakaya. Poti nonse atatu mwakumana, ndipo riboni ndi iyi, tipulumutsireni otsalawo."

Dziko lonse linali likumva, ndiye pothawira panalibe. Matheka a sizasi anavulidwa m'khosi, kamsomali kanatuluka m'kabokosi, ndipo sizasi yachifumu inakhalanso chinthu chimodzi. Amayi analulutira. Dzuwa linali likadali pamwamba ndithu, ndipo mtima wa anaNgozo unadzaza ndi chimwemwe.

Anasangalala msanga. Riboni siidulidwa popanda mawu otsegulira, ndipo ku Tidikirekaye wolankhula pomaliza ndiye wamkulu. A Chipsera analankhula za mbiri ya dzuwa kuyambira pachiyambi. Mayi Mvumbi anayankha ndi mbiri ya mvula, chaka ndi chaka. Atatha, a Chipsera anati ali ndi mawu ochepa owonjezera. Mayi Mvumbi anati mawu ochepawo awakumbutsa kanthu. A Zungulireni anaomba mkota, koma mkotawo unasiya mfundo ina ya a Chipsera, ndipo a Chipsera anaimiriranso kuti aibwezeretse. Kwaya inagona. Mayi wa mandasi anagulitsa mandasi onse kwa madalaivala n'kupita kukakazinga ena.

AnaNgozo sankamva chilichonse. Maso ake anali pa mthunzi wa phiri umene unkakwawa kudutsa dambo kulunjika ku masola. Ankayang'ana dzuwa monga mayi ayang'anira chikuni chomaliza nyemba zisanapse. Kawiri konse anakweza dzanja, ndipo kawiri konse anauzidwa kuti nthawi ya mafunso ibwera.

Chimene chinathetsa zolankhula si chisoni ayi. Mtolankhani ananong'oneza a Zungulireni kuti batire ya wailesi ikutha, ndipo palibe nduna imene ingadule riboni dziko lisakumva. Atatuwo anathamangira sizasi, manja onse pamodzi, n'kudula. A Zungulireni anatembenuza poyatsira. Nthawi imeneyo n'kuti dzuwa litangobisala kuseri kwa phiri la mpala lija.

Pampu inatsokomola kamodzi. Inalavula timatope pa nsapato za a Zungulireni, n'kukhala chete.

"Mulibe madzi m'chitsimemu," anatero a Chipsera. "Nkhani ya unduna wa mayiwa."

"Madzi alimo. Dzuwa lanu ndi limene lathawa ntchito."

"Dzuwa ndi langa, mayi. Likanakhala kuti lachoka, ofesi yanga ikanandidziwitsa."

Anakangana mpaka udzudzu kuyamba kuwaluma. Apa a Zungulireni anapereka ganizo lakuti mwina wolakwa si dzuwa, si madzi, koma pampu. Nduna ziwirizo zinagwedeza mitu povomereza. Aka kanali koyamba m'mbiri ya ufumuwo kuti maunduna awiriwa agwirizane pa chinthu, ndipo anagwirana chanza batire ya wailesi isanatheretu. Analengeza kuti pampu ya ku Tatopanazo yafa, kuti boma lasamba m'manja, ndipo kuti wogwira ntchito m'boma aliyense asadzapondenso pamalopo kuopa kuchititsa manyazi ndondomeko. Kopolo Thengolawo anauzidwa kuti azipita kwawo, poti chakufa sichilonderedwa. Sizasi inagawidwanso patatu. Mabokosi anakwezedwanso m'malole, pakuti kunamveka kuti kutsidya kuli mkulu wina amene akudwala kwambiri.

Anthu anabalalika mwakachetechete. A Lufeyo anayesa kunena kuti mwina mawa zisintha, koma anaNgozo anangopukusa mutu. Anali atamva mawu akuti mawa kokwanira. Anatola lichero lake n'kupita kunyumba, ndipo madzulo amenewo analira kulira kopanda kwaya.

Kutacha anatulutsa nkhwangwa imene anaibisa kudenga, n'kuiika paphewa. Ana anali asanadzuke, ndipo sanafune kuti amuone akupita kuphiri. Njira yake inkadutsa kudambo. Sanafune n'kuyang'ana komwe ku nazale, koma akudutsa pa masola paja, dzuwa linatuluka osapempha chilolezo kwa munthu. Anamva kulira kwapansipansi ngati njuchi zili m'phanga. Paipi inanjenjemera, inalavula matope, kenaka madzi oyera anayamba kukhuthukira pansi, poti poyatsira panali patasiyidwa chotsegula.

Nkhwangwa inagwa yokha. AnaNgozo anathamangira kheni yothirira ku nazale, n'kuyamba kuthirira mzere ndi mzere, akulankhula ndi mbande zake ngati ana odwala. Zina zinali zitapita, ndipo madzi sakanazibweza. Koma zambiri zinali ndi kamtima kobiriwira pakati, ndipo dzuwa lisanakwere kwenikweni zinayamba kudzutsa mitu. Amayi ena anafika ndi ndowa akuthamanga. Kopolo Thengolawo anabwera atavala zakunyumba, n'kuwerama pa paipi n'kumwa madzi amene anawalondera nthawi yonse ija.

A Lufeyo atafika n'kuona thanki ikudzaza, anatembenuza njinga mwachangu. AnaNgozo anaponya kheni n'kugwira kaliyala ndi manja onse awiri.

"Mukupita kuti, a Lufeyo?"

"Ku Alim'njira, mayi. Ndikawauze mabwana kuti pampu yadzuka. Nkhani yabwino ngati iyi."

"Ikadzuka ndiye atani?"

A Lufeyo anasiya kupalasa. Anayang'ana madzi akuyenda m'ngalande kulowera ku nazale, n'kutsitsa phazi pa pedulo.

"Adzabwera kudzaitseguliranso," anatero pang'onopang'ono.

"Ndiye tsikani, mutenge ndowa iyo mundithandize," anatero anaNgozo. "Akakufunsani kumeneko, muwauze kuti inafadi, ndipo tinaika kale."